Chaka chikutha: kwanuko chasintha n'chiyani?

Mlembi wa gulu, Chitawira:
Mwaswera bwanji nonse, makolo ndi achinyamata. Chaka chikupita kumapeto, ndipo kwathu kuno a khansala aitanitsa msonkhano Loweruka likubwerali kuti afotokoze ntchito zimene khonsolo ya mzinda wa Blantyre yagwira. Ndisanapite ndati ndimve kaye kwa inu. Sindikufunsa za pa wailesi kapena za m'nyuzi ayi. Ndikufunsa chimene mwachiponda ndi phazi lanu, chimene mumachiona mukangotsegula chitseko m'mawa. Chabwino tichinene, chotsalira tichinenenso, koma tisatukwanane, ndipo za zipani tizisiye panja.

Mayi wogulitsa tomato, Zingwangwa:
Ndiyambe ndine poti ndili nacho chonena. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyala tomato pa chisaka, pansi penipeni. Mvula ikangoyamba ndinkafunditsa pepala la pulasitiki n'kuthawira pakhonde la golosale, pobwerera n'kupeza mulu wapansi wonse wamwa madzi. Matope ankafika m'akakolo, moti munthu wovala nsapato zakuntchito sankalowa n'komwe, ankangogula kwa oyala m'mbali mwa msewu. Chaka chino atimangira shedi ya malata, pansi athira simenti, ndipo aliyense ali ndi benchi yake. Mwezi watha kunagwa chimvula masana, ine ndinangokhala phee pa benchi panga ndikuwerenga mulu ndi mulu, madzi akulira padenga. Ndinakumbukira mayi anga amene anakalambira m'matope omwe aja. Tikiti ya tsiku ndi tsiku pano ndimadula mtima uli m'malo.

Koma ndinenenso chamanyazi. Pachimbudzi anaikapo mpopi wosambira m'manja. Sipanathe milungu itatu, wina anauzula usiku. Si mlendo ameneyo, ndi mwana wa m'dera lomweli. Tinasonkherana amayi okhaokha, tinagula wina, owotcherera anatipangira kabokosi kachitsulo ka loko.

Wakabaza, Ndirande:
Mayi mwalankhula. Ine changa ndi magetsi a sola a mumsewu. Amene simuyenda usiku mwina simungamvetse. Pali kachigawo kena kotsetsereka kamene kale, ikangokwana 7 koloko madzulo, ndinkakana kunyamula munthu wopita kumeneko, chifukwa pokhota paja anyamata ankabisala m'mdima. Lero pawala. Amayi ochokera kukadikirira odwala ku Queens ndimawasiya pakhomo penipeni, ndipo ogulitsa chimanga chootcha ndi tchipisi akhazikika pansi pa mapolo. Mwa mapolo amene ndimawerenga podutsa, awiri azima kale, anthu anakwera n'kuchotsa mabatire. Zimandiwawa ngati andibera ine.

Mnyamata wophunzira za magetsi, Bangwe:
Akuluakulu mundikhululukire, koma ine kuwomba m'manja kukundivuta. Mayi wa tomato akhala akudula tikiti tsiku ndi tsiku kwa zaka zingati? Shediyo ndi ndalama zawo zomwe zabwerera mochedwa. Munthu akakubwezera ngongole umamuthokoza, inde, koma suiwala kuti zinali zako. Chimene ndikufuna kumva Loweruka si mndandanda wa zimene zamangidwa. Ndikufuna kumva kuti m'misika munatoleredwa zingati, pa misonkho ya nyumba ndi malo panalowa zingati, ndipo zinapita kuti.

Mayi wogulitsa tomato, Zingwangwa:
Mwananga sukunama. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Denga ndikuliona, ndiye ndilinene kuti lilipo. Funso lakolo ukalifunse ndithu, ine ndikakhala pambuyo pako.

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Mnyamata wa ku Bangwe wafunsa funso la munthu wamkulu, ndipo lamulo lili kumbali yake. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linakhazikitsidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020. Ukhoza kulemba kalata, kupita nayo ku Civic Centre ku Chichiri, n'kupempha kuona bajeti. Sikupempha chifundo kumeneko.

Koma ndikufuna achinyamata mudziwe kumene tachokera, kuti mumvetse chifukwa chake ife achikulire msonkhano wa khansala timauona ngati chinthu cha mtengo. Lamulo la maboma ang'ono ndi la 1998. Makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo tinakhala opanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zonsezo kalavati ikatsekeka, panalibe munthu wa m'dera mwanu amene munamuvotera woti mukamugogodere pakhomo. Ambiri tinazolowera kungodandaula m'minibasi. Chizolowezi chimenecho sichinatichoke mpaka lero, n'chifukwa chake pa misonkhano ya komiti ya chitukuko ya wodi mumapeza mafumu, agogo angapo ndi mipando yopanda anthu.

China n'chakuti tizisiyanitsa eni ntchito. Madzi a m'mipopi ndi m'makiyosiki ndi a Blantyre Water Board, amene amawapopa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry kukwera nawo mtunda wonsewu, ena kuchokera ku damu la Mudi, enanso ku Likhubula ku Mulanje. Magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM. Misewu ikuluikulu yolumikiza maboma ili m'manja mwa Roads Authority. Za khonsolo ndi misika, zinyalala, misewu ndi ngalande za m'madera mwathu, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Ukapita kumsonkhano ndi funso la eni ena, umataya mpata wako wolankhula.

Mlembi wa gulu, Chitawira:
Zikomo aphunzitsi, izi ndazikopera m'kope. Ine ndemwe ndimati ndikafunse za kiyosiki.

Mmisiri womanga, Machinjiri:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhani ya misewu yandidzutsa. Abale, msewu sumaphedwa ndi galimoto. Umaphedwa ndi madzi. Mzinda uno wakhala pakati pa mapiri, Ndirande uko, Soche uko, Michiru, Bangwe, Mpingwe, ndipo dontho lililonse logwa pamwamba limafuna njira yotsikira ku Mudi, ku Naperi kapena ku Nasolo. Mukaika phula lokongola koma ngalande n'kukhala yopapatiza, madzi amasefukira m'mphepete, amalowa pansi pa phula, dothi limafewa, kenako lole imodzi yamchenga ikadutsa pamatsala dzenje. Dzenje la kukula ngati mbale mu Disembala limakhala ngati bafa pofika Malichi.

Ndiye kwathu chimene ndikuyamikira chaka chino si phula ayi, poti silinafike. Ndi ngalande ya miyala imene yamangidwa kutsika kumsika, ndi giredala imene inadutsa mvula isanayambe. Ndinapita dala kukaiona ngalandeyo, ndinakanda ndi msomali pakati pa miyala. Simenti yake ndi yogwira. Ndikudziwa kusiyana kwake chifukwa zaka zapitazo ndinagwirapo ganyu kwa kontrakitala wina, sindimutchula. Thumba limodzi la simenti, limene pa ntchito yotere limafuna mawilibala a mchenga awiri kapena atatu, ankatiuza kuti tithire asanu. Ndinalankhula, anandiuza kuti ngati sindikufuna ntchito pali ambiri pageti. Ndinali ndi ana kusukulu, ndinakhala chete. Ngalande imeneyo inagumuka mvula yachiwiri, ndipo mpaka lero ndikadutsapo ndimayang'ana kumbali. N'chifukwa chake ndimati pa ntchito iliyonse ya m'dera pazikhala anthu awiri kapena atatu a komiti odziwa zomanga, oima pomwepo pamene akusakaniza. Chikwangwani cholemba dzina la ntchito, mtengo wake ndi tsiku lomaliza chiziikidwanso poyera.

Wakabaza, Ndirande:
Amisiri mwanena zoona. Ndipo ngalande zabwinozo timazitseka ndife. M'mawa uliwonse ndimaona anthu akukhuthula ndowa za zinyalala m'ngalande, ati mvula idzakokolola. Imakokololadi, koma imakazisiya pa kalavati, ndiye madzi amalowa m'nyumba za anzathu akumunsi.

Mayi wa ana atatu, Chilobwe:
Ndimafuna kungowerenga, koma mwatchula madzi a m'phiri. Ife a kuno chaka sitichiyeza ndi phula kapena magetsi. Timachiyeza ndi tulo. Kuyambira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, mvula ikalimba usiku palibe amagona. Ine ndimakhala tsonga pa mphasa, tochi m'manja, chikwama cha makadi a ana ndi mabuku a kuchipatala ndachiika pafupi ndi chitseko. Mwana wanga wamng'ono akangomva kugunda kwa bingu amayamba kuvala nsapato osauzidwa.

Usiku umene uja phokoso lake silinali la madzi. Linali ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Agogo ena ankangoti napolo, napolo. Kutacha, pamene panali nyumba za anzathu panali miyala ikuluikulu kuposa minibasi, ndipo tinkakumba ndi makasu ndi manja. M'dziko lonse omwalira ndi osowa anaposa 1,000, ndipo ambiri a ife kuno tili ndi dzina la munthu amene sanapezeke. Mayi amene tinkatunga naye madzi pa kiyosiki sitinamuike m'manda.

Ndiye mukandifunsa chimene chasintha, ndinena zazing'ono koma kwa ine n'zazikulu. Khwawa limene madzi anang'amba pafupi ndi kwathu alimanga m'mbali ndi mawaya odzaza miyala. Tili ndi komiti yoona za ngozi, ali ndi mawezulo ndi chimkuzamawu, ndipo uthenga wa zanyengo umafika pa foni n'kufalitsidwa nyumba ndi nyumba. Tikudziwa sukulu ndi tchalitchi kothawira. Tinabzala nsungwi ndi vetiva m'mphepete mwa khwawa, ndipo nsungwi zina zandipitirira kale msinkhu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti anthu ayambanso kukwera. Mukayang'ana m'phiri muona malata atsopano akunyezimira pamwamba pa pamene matope anayambira. Sindikuwaweruza. Lendi kumunsi yakwera, ndipo munthu amene alibe kolowera amamanga pamene wapeza. Koma pa msonkhano wanuwo, achimwene a ku Chitawira, mukatifunsire: malo ena oti anthuwa apite alipo? Kuuza munthu kuti tsika osamuonetsa kotsikira, abwereranso usiku.

Mlongo wanu, Johannesburg:
Achemwali a ku Chilobwe, ndawerenga ndikulira. Ine ndinali kuno nthawi imeneyo, masiku atatu foni ya mayi anga ku Manja isakupezeka. Mulungu akulimbitseni. Funso lanu likhale loyamba Loweruka, ena onsewa abwere pambuyo.

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Mayi, palibe chowonjezera pa mawu anu. Ndingoikapo chimodzi choti achinyamata aone kukula kwa vutoli. Mzinda uno unayamba ndi mishoni ya a Scotland mu 1876, Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa mu 1956, ndipo misewu ndi ngalande za pakati pa tauni anazikonzera anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda muno, ambiri a ife tikukhala m'madera amene anthu anayamba kumanga mapulani asanafike. Ine ndili mwana phiri la Ndirande linali lakuda ndi mitengo. Ndaliona likumetedwa pang'onopang'ono, nkhuni, makala, minda, mpaka kutsala miyala. Michiru wathu kuno nayenso nkhwangwa zikulira usana ndi usiku. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limangowatsanulira pa ife.

Mnyamata wophunzira za magetsi, Bangwe:
Pa za mitengo pomwepo ndili ndi funso lina. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva kuti mbande zabzalidwa zambirimbiri. Nanga zimene zapulumuka amawerenga ndani? Ife a gulu la achinyamata kutchalitchi tinabzala mbande m'mphepete mwa mtsinje chaka chatha. Pofika Okutobala theka zinali zitadyedwa ndi mbuzi, zina zinapsa ndi moto wa osaka mbewa. Zimene zinatsala ndi zomwe tinazitchingira ndi minga n'kugawana kuti uyu azithirira izi, uyu izi. Lipoti la chaka lizinena mitengo yamoyo, osati mbande zogawidwa.

Mayi wa ana atatu, Chilobwe:
Zoona mwananga. Nsungwi zathu zinapulumuka chifukwa chilimwe chonse tinkazithirira ndi madzi otsukira mbale.

Bambo wa golosale, Limbe:
Ine ndibweretse nkhani imene mukuizemba: mavenda m'misewu. Chaka chino kangapo konse khonde la kutsogolo kwa mashopu linayeretsedwa, munthu n'kuyenda momasuka kuchokera kumsika mpaka kokwerera minibasi. Kwa ine chimenecho ndi chitukuko. Ndimalipira laisensi, ndimalipira lendi, ndiye wina n'kudzayala sopo yemweyo pakhomo panga penipeni. Pakapita milungu iwiri amabwereranso.

Mayi wogulitsa tomato, Zingwangwa:
Bambo, ndinayalapo mumsewu ine, ndiye ndikuyankheni mwaulemu. Palibe amakonda kuthamanga ndi beseni pamutu mwana ali kumbuyo. Munthu amapita mumsewu chifukwa m'kati mwa msika mabenchi adzaza, kapena malo amene wapatsidwa ali kuseri kumene wogula safikako. Ife atatimangira shedi, amayi asanu ndi mmodzi amene ankayala kunja analowa okha, popanda wowathamangitsa. Mukafuna khonde lanu liyere, pemphani nafe limodzi kuti misika ikule.

Bambo wa golosale, Limbe:
Ndamva mayi. Sindikugwirizana nanu pa zonse, poti ena benchi ali nayo m'kati koma amatumiza mwana kukayala panja. Koma zoti misika yachepa, pamenepo sinditsutsa.

Mlangizi wa zaumoyo, Mbayani:
Pepani ndachedwa, ndinali kusikelo ya ana. Ndikufuna kubwezera nkhani pa zinyalala, chifukwa kwa ife azaumoyo ngalande yotsekeka si nkhani ya msewu wokha. Mukukumbukira mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023. Unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Ine ndinkayenda khomo ndi khomo ndi chigubu cha klorini, ndipo kumene odwala ankachuluka n'kumene madzi a m'ngalande ankasefukira m'zitsime zosatetezedwa ndi m'zimbudzi zodzaza.

Chaka chino kwathu aika sikipi, chibokosi chachitsulo chotayamo zinyalala, pafupi ndi msika, ndipo ikadzaza galimoto imabwera kudzainyamula kupita nayo kumtaya ku Mzedi. Mulu umene unali pamenepo kwa zaka, wonunkha mpaka ana ankadutsa atatseka mphuno, wachoka. Koma sikipi imodzi singakwanire dera lonse, ndipo m'tinjira tathu tambiri galimoto singalowe. Chimene chathandiza ndi anyamata a mawilibala amene amatolera khomo ndi khomo pa kandalama kochepa. Ndikanakonda akanazindikiridwa, apatsidwe magolovesi ndi majombo, chifukwa akugwira ntchito ya mzinda ndi manja ali pamtunda.

Komanso zambiri zimene timataya ndi makoko a nthochi, masamba ndi zotsalira za kumsika. Zimenezo ndi manyowa. Chotseka ngalande kwenikweni ndi majumbo opyapyala aja, amene boma linaletsa kale mu 2015 koma akadali ponseponse, ndi matewera a ana otaya. Mukatsegula kalavati yotsekeka mupeza zimenezi.

Wakabaza, Ndirande:
Nanga tsiku losesa lija lili kuti? Linakhazikitsidwa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Poyamba tinkatuluka ndithu, ife a kabaza tinkaimika njinga n'kugwira mafosholo. Pano ambiri angoliiwala.

Mlangizi wa zaumoyo, Mbayani:
Silinathetsedwe achimwene, tangolisiya tokha. Kwathu mafumu akamenya belu anthu amatulukabe, makamaka amayi. Abambo ndiye amachepa.

Mlongo wanu, Johannesburg:
Ine ndivomere mbali yanga. Ndili ndi kanyumba ku Nkolokosa kamene ndimachititsa lendi, ndipo msonkho wake wa kukhonsolo ndakhala zaka ziwiri osalipira, ndikumati ndidzakonza ndikadzabwera. Powerenga za sikipi ndi ngalande ndaona kuti galimoto ya zinyalalayo imayendera mafuta ogulidwa ndi ndalama ngati zimenezo. Ndatumiza uthenga kwa mchimwene wanga kuti apite akafunse ngongole yonse mawa. Tikalipira, funso la mnyamata wa ku Bangwe tidzalifunsa mutu uli m'mwamba.

Mmisiri womanga, Machinjiri:
Achemwali mwachita bwino. Ine ndipereke manja anga. Mayi a ku Chilobwe, mawaya a miyala aja amafuna kuwayendera mvula isanalimbe, chifukwa waya umodzi ukaduka miyala yonse imatsika. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndibwera ndi pulayala ndi waya, ndidzaone. Sindidzalipiritsa.

Mayi wa ana atatu, Chilobwe:
Ambuye akudalitseni bambo. Pali malo amodzi pafupi ndi mtengo wa mango pamene madzi ayamba kufukula pansi, ndidzakuonetsani. Mudzavale majombo, njira yake ndi yoterera.

Mlembi wa gulu, Chitawira:
Ndalemba zonse. Funso la mayi a ku Chilobwe la malo osamukirako ndikayamba nalo. Mnyamata wa ku Bangwe, ngakhale si wodi yako, tiye limodzi ukafunse wekha za ndalama, mawu ako amveka bwino kuposa anga. Aphunzitsi, ngati mungathe, tilembereni chitsanzo cha kalata yopempha kuona bajeti, tiike pagulu pano kuti aliyense akopere.

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Ndilemba usiku uno, mdzukulu wanga adzaijambula ndi foni m'mawa.

Mnyamata wophunzira za magetsi, Bangwe:
Ndibwera. Achimwene a kabaza, mapolo awiri ozima aja munditumizire chithunzi ndi malo ake enieni, ndikawatchule kumsonkhano. Ndikufunanso ndikafunse ngati mabatire angamaikidwe m'bokosi lowotcherera pamwamba penipeni, pafupi ndi sola, pamene munthu sangafike popanda makwerero.

Wakabaza, Ndirande:
Ndijambula ndikamadutsa madzulo ano. Loweruka ukatsika minibasi pa Ginnery Corner undiimbire, ndidzakunyamula.